Lipoti la msonkhano wa magulu a zamagetsi: nkhani yowotcherera tizida ta SMD pamanja

A Tcheya, a komiti ndi anzanga nonse, ndabwerako ku msonkhano uja munandituma ndipo lipoti ndi ili. Malisiti a thiransipoti ndi malo ogona ali kale kwa a msungichuma, ofuna kuwaona akawaone, poti ndamva kuti ena ankanena kuti ndangotsatira alawansi.

Zokamba zotsegulira zinali zomwe timazidziwa zija. Gawo la malamulo a mgwirizano wa magulu linatenga m'mawa wonse ndipo palibe chomwe chasintha, mapepala ake ndabwera nawo.

Chomwe ndikufuna mumvetsetse ndi gawo la ntchito yamanja. Aliyense anapatsidwa kit (paketi ya tizida tolumikiza wekha) ya chipu chowerengera nthawi chotchedwa 555 timer yothwanimitsa timagetsi ta LED, tizida take tonse ta SMD, tija tongokhala pamwamba pa bolodi popanda miyendo yolowa m'mabowo. Tambiri tinali ta saizi ya 0805, kutanthauza mamilimita 2 m'litali ndi 1.25 m'lifupi. Anationetsanso 1206 yomwe ndi yokulirapo, 0603, mpaka 0402 yomwe ndi milimita 1 yokha m'litali, kungokhala ngati kanjere ka mchenga. Ndiye mayi amene ankaphunzitsa uja analibe makina alionse, anangokhala ndi soldering iron (chida chowotcherera) yosinthika kutentha, tweezers (kopanira tizida), flux (mankhwala othandiza powotcherera) ndi galasi lokulitsa, basi.

Njira yake ndi iyi. Umayamba waika solder, chitsulo chosungunuka cholumikizira, pang'ono pa pad imodzi yokha (pad ndi kamalo ka kopa pa bolodi pomwe kachida kamakhala), inayo osaikhudza. Kenako umagwira karezisita ndi tweezers, kusungunulanso solder ija, n'kukankhira kachidako m'malo mwake chogona bwinobwino, ndiye uchotse kaye iron koma tweezers usasiye mpaka solder itauma. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amachotsa zonse ziwiri nthawi imodzi ndiye kachida kamatsatira nsonga ya iron kapena kuima chopendekeka. Kakagwira, umawotcherera mbali inayo mosavuta, kenako n'kubwerera ku mbali yoyamba ija ndi kadontho ka flux kuti isalale. Ndinamuyang'anitsitsa dzanja lake, chikhatho chinali chotsamira patebulo nthawi yonse, zala zokha ndi zomwe zimayenda, ndipo anati kunjenjemera komwe timadandaula nako kumachepa kwambiri dzanja likatsamira.

Pa chipu cha 555 chija, cha miyendo 8 yotalikirana mamilimita 1.27, anayamba ndi kugwiritsa mwendo umodzi wa pakona, n'kuonetsetsa kuti miyendo yonse yalunjika pa ma pad ake, kenako mwendo wa pakona ina. Atatero anapaka flux yambiri ndithu n'kukoka nsonga ya iron yokhala ndi solder pang'ono pamzere wonse wa miyendo kamodzi, solder n'kudzigawa yokha mwendo uliwonse. Pomwe miyendo iwiri inalumikizana anangogonekapo solder wick, kawaya kolukana ka kopa kaja, kutenthetsa, yonse n'kuyamwidwa. Anachitanso chimodzimodzi pa chipu china, ATmega328P ya miyendo 32 yotalikirana mamilimita 0.8 ndipo zinatheka. Chinsinsi chonse ndi flux anzanga, imachotsa dzimbiri losaoneka lomwe limakhala pa chitsulo, ndiye solder imayenderera yokha kupita pomwe pali chitsulo chotentha. Komanso nsonga yosongoka ngati singano ija timaiganizira kuti ndi yoyenera tizida ting'onoting'ono siisamutsa kutentha mokwanira, yabwino ndi yaphwatalala pang'ono kumapeto.

Nkhani ya nsongayi ndiimepo kaye. Nsonga mkati mwake ndi kopa koma kunja anaikuta ndi chitsulo chopyapyala, ndiye ukaipala ndi fayilo kapena sandipepa umachotsa chokutiracho ndipo solder imayamba kudya kopa uja mpaka kukumbika. Nsonga zathu zonse zinapalidwa, ndinadandaula nthawi ija n'kuuzidwa kuti ndimakonda kulongolola. Yoyeretsera yake ndi siponji yonyowa kapena tiwaya ta brass, ndipo pozimitsa umaisiya ili ndi solder kunsonga. Komanso iron yathu yabwino ija, yokhayo yosinthika kutentha, inabwerekedwa kalekale ndipo mpaka lero sinabwerere m'kabati, m'buku lobwereka zida mulibe dzina. A komiti nkhaniyi mukuidziwa.

Zina zofunika kusamala nazo: marezisita amalembedwa manambala, 103 imatanthauza 10k (ma ohm 10,000), 472 imatanthauza 4.7k, koma makapasita a ceramic salembedwa kalikonse, ukangowasakaniza patebulo sungawasiyanitsenso ndi maso, choncho umatsegula mtundu umodzi, kuumaliza, kenako wina. Ndipo mzere wa pa diode umasonyeza cathode, mbali ya negative, pomwe mzere wa pa kapasita ya tantalum umasonyeza mbali ya positive, ukaitembenuza kapasitayo imatha kupsa.

Pa zogwirizana, msonkhano unavomereza kuti magulu onse aziphunzitsa ndi solder yopanda mtovu. Ine ndinatsutsa ndipo ndikutsutsabe. Solder ya mtovu ya 63/37 (magawo 63 a tin ndi 37 a mtovu) imasungunuka pa madigiri 183 Celsius pomwe yopanda mtovu yofala ija, SAC305, imafuna cha m'ma 217, ndiye iron iyenera kutentha kwambiri, ndipo munthu wongoyamba kumene amachedwa pa pad mpaka pad kumatuka pa bolodi. Lamulo la RoHS, loletsa mtovu ndi zinthu zina zoopsa m'zida zamagetsi, lomwe linayamba kugwira ntchito ku European Union mu 2006 ndi la katundu wogulitsidwa pamsika, osati munthu wophunzira patebulo pake. Utsi womwe umatuluka uja ndi wa flux osati mtovu, ndipo ndi woipa m'chifuwa kaya solder ndi yamtundu wanji, tikufunika kafani kokokera utsiwo kumbali. Mtovu umalowa m'thupi kudzera m'manja kupita kukamwa, choncho kusamba m'manja ndi sopo ndi kusadyera patebulo la ntchito zikhale lamulo. Kwa ana aang'ono ndikuvomereza, iwo agwiritse yopanda mtovu. Koma gulu likambirane lokha, zomwe anagwirizana kumeneko sizotikakamiza.

Tsono bajeti yathu. Komiti inaika hot air station, makina owotcherera ndi mpweya wotentha, patsogolo ponena kuti popanda makinawo ma kit a SMD aja sangatheke, n'chifukwa chake angokhala m'kabati osatsegulidwa. Zomwe ndaona ndi maso angazi zikusonyeza kuti si zoona. Makinawo amafunikadi pa machipu omwe malumikizidwe ake ali kunsi monga QFN ndi BGA, koma m'ma kit athu mulibe chipu chotere ngakhale chimodzi. Ndalamayo igule ma iron osinthika kutentha, nsonga zatsopano, tweezers zosongoka bwino, flux, wick, solder yopyapyala ya mamilimita 0.5, isopropyl alcohol yotsukira bolodi ndi nyale yowala patebulo lililonse, kuti anthu angapo azigwira ntchito nthawi imodzi m'malo modikirira makina amodzi omwe kiyi wake azikhalanso ndi munthu mmodzi.

Ndikupempha kuti pa kukumana kwathu kukubweraku mundipatse ola limodzi ndionetse zonsezi pa kit imodzi mwa zija zili m'kabati, tiyambire pa 1206 kwa amene maso akuvuta. Amene ali ndi iron ija abwere nayo tsiku limenelo, ndipo a Tcheya nkhani ya bajeti muiike pa ajenda tisanagule chilichonse.