Za Fusion 360 kuno ku Luchenza

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno mvula yagwa, tiyi waphukira, ndiye mafakitale akutithamangitsa ndi mashafti, mabushi ndi magiya.

Abwana agula makina a CNC (odula zitsulo molamulidwa ndi kompyuta) ogwirapo kale ntchito, ndipo alamula kuti tisiye SolidWorks, pulogalamu yojambulira zitsulo pa kompyuta yomwe munandiphunzitsa ija, tiyambe Fusion 360 ya Autodesk, poti laisensi yake ndi yotsikirapo mtengo. Mtima unandiwawa, koma pano ndayamba kuikonda.

Chomwe chandikopa n'choti kujambula ndi kukonza njira yodutsa mpeni zili malo amodzi. Dzulo kasitomala wina anasintha maganizo, bowo la 20 mm akufuna likhale 22 mm. Ndinangosintha nambala pa sikechi, kuuza pulogalamu iwerengenso njira ya mpeni, kuonera pa sikirini mmene udzadyere chitsulo, basi G-code yatsopano (malangizo omwe makina amatsatira) yatuluka.

Kulumikiza mapati (zidutswa za makina) ndiye kosiyana kwambiri. Mu SolidWorks, kuti shafti ikhale bwino mu beringi, timaika ma mate (malamulo olumikizira mapati) awiri, concentric yofananitsa pakati ndi coincident yogunditsa nkhope. Kuno umaika joint imodzi ya revolute, kutanthauza kuti chinthucho chizingozungulira. Manja amafunabe njira yakale, koma mmene zitsulo zimayendera pa makina, ya Fusion ndiyo ikugwirizana nazo.

Chondidandaulitsa ndi mafailo athu akale. Ukawatsegula kudzera mu STEP (mtundu wa failo womwe mapulogalamu onse awiri amawerenga) amabwera ngati chitsulo choumba kale, opanda mbiri ya masitepe ake, moti sungabwerere pa sikechi kukasintha muyeso. Zojambula za makasitomala okhazikika ndikuzijambulanso chimodzichimodzi madzulo. Chinanso, Fusion imasunga mafailo pa intaneti. Netiweki ikavuta imagwirabe ntchito kwa kanthawi, komabe bandulo ikutha msanga.

Makina athuwa ali ndi kontrola ya Fanuc. Post processor, yomwe imasandutsa njira ya mpeni kukhala G-code yoti kontrolayo imve, ndinaipeza mu Fusion momwemo, koma sindiikhulupirira ndi mtima wonse. G-code iliyonse yatsopano ndimayamba ndaiyendetsa m'mwamba, mpeni usakukhudza chitsulo, chala chili pa batani loimitsira.

Mundiuzeko liwiro lomwe mumayendetsera mpeni wa carbide pa chitsulo cha stainless, chifukwa kuno mipeni ikubuntha msanga. Mukamabwera pa Khirisimasi mutitengereko mipeni ya end mill ya 6 mm ndi 10 mm, ndalama ndidzakubwezerani. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu,
wa ku Luchenza