Tiuzeni zambiri za ISS isanagwetsedwe

Akonzi,

Nkhani ija munalemba yoti siteshoni ya mumlengalenga ya ISS idzagwetsedwera m'nyanja chamu 2030 kapena 2031 inafupika kwambiri, imafunika tsamba lathunthu. Chinthuchi chakhala ndi anthu mkatimo osadukiza kuyambira Novembala 2000, chimazungulira dziko pa mphindi 90 zilizonse pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kumwambaku, ndipo zigawo zake zambiri zinanyamulidwa ndi ma Space Shuttle, zombo zomwe zinkapita nkubwerako nkudzapitanso, maulendo 135 kuyambira 1981 mpaka 2011. Sizinali zophweka ayi, Shuttle yotchedwa Challenger inaphulika mu 1986, ina yotchedwa Columbia inasweka pobwerera mu 2003, anthu 14 anafa. Zonsezi munazisiya.

Ine ndimaphunzitsa sayansi kusekondale ndipo ana ambiri ankangoti ndi zamufilimu basi, mpaka tsiku lina madzulo tinaiona ISS ikudutsa, yowala ngati nyenyezi koma osaphethira, pakangotha mphindi zochepa yazimirira. Mmawa mwake mafunso anachita kusefukira mkalasi.

Ndiye chonde muzisindikiza masiku ndi nthawi imene ISS izidutsa pamwamba pa Malawi, bungwe la ku America la zamumlengalenga la NASA limapereka ndandanda umenewu ulere, komanso kamodzi pamwezi muzitipatsako tsamba la sayansi m'Chichewa.

Mphunzitsi wa sayansi,
Zomba