Kafukufuku wa za kubereka afike kwa amayi a ku Mangochi

Akonzi,

Ndiloleni ndilembeko zomwe zakhala zikundidya mumtima. Mng'ono wanga wakhala pabanja zaka 7 opanda mwana, mayina omwe watchulidwa kumeneko sindingawalembe onse muno, loti chumba ndi laling'ono. Apongozi ake anafika pomuuza pamaso kuti akungotha ufa wa mwana wawo, nde bambo aja anakatenga mkazi wachiwiri poti kwathu kuno mitala si yachilendo. Kwa asing'anga wayenda mpaka kuwoloka pa Chiponde kulowa ku Mozambique, ndalama zonse za geni yake ya usipa zinathera komweko.

Chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya Robert Edwards, wasayansi wa ku England amene m'zaka za m'ma 1960 ankafufuza m'mene dzira la mayi limakhwimira. Anthu ankamunena kuti akulowerera ntchito ya Mulungu, ena anamumana ndalama za kafukufuku, koma iye pamodzi ndi dokotala Patrick Steptoe ndi namwino Jean Purdy sanagwe ulesi mpaka pa 25 July 1978 kunabadwa Louise Brown, mwana oyamba amene dzira la mayi ake linakumana ndi umuna kunja kwa thupi. Mayi akewo vuto lawo linali machubu otsekeka basi, sanalodzedwe ndi munthu. Edwards anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2010.

Ine nditawerenga zimenezi ndinalira, chifukwa zinthu zoti akatswiri anazidziwa kalekale ife kuno sitinazimvepo. Eti mwana wamkazi amabadwa ndi mazira ake onse, 1 miliyoni kapena kuposerapo, ndipo amanka nachepa chaka ndi chaka, okhwima nkutuluka moyo wake onse ndi mwina 400 kapena 500 okha. Nde zaka zomwe mayi akutaya akumwa zitsamba nkumadikira kuti mwina mwezi wamawa, mazira aja sakumudikira ayi. Amayi ena dzira silituluka mwezi ndi mwezi chifukwa cha mahomoni, matenda aja amati PCOS, kumwezi amapita modumphadumpha, ndipo mankhwala othandiza kuti dzira lituluke alipo. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ananena mu 2023 kuti munthu m'modzi mwa anthu 6 aliwonse amakumana ndi vuto losabereka, amuna ndi akazi omwe.

Koma chomwe chandiopsa kwambiri ndi likodzo. Ife timachapa m'nyanja, kusamba m'nyanja, mbale kutsuka mu Shire kuyambira tili ana, ndipo ambiri timaona ngati likodzo ndi kukodza magazi kokha pomwe mazira a tizilombo take amakakhazikika pakhomo la chiberekero, m'machubu ngakhale m'thumba la mazira momwe, nkuwononga mwakachetechete. Izitu zinafufuzidwa kuno komwe pakati pa amayi a ku Mangochi m'zaka za m'ma 1990, komanso Dr Sekeleghe Kayuni atayeza asodzi a m'mbali mwa nyanjayi anapeza mazira a likodzo mu umuna wa ena mwa iwo. Kafukufuku ochitikira pakhomo pathu koma mayi wa ku Makawa kapena ku Malindi sakudziwa! Mng'ono wangayo atapita kuchipatala china akudandaula m'mimba anangouzidwa kuti ndi matenda opatsirana pogonana, anamupatsa mapilitsi, za likodzo sanamufunse nkomwe ndipo kunyumba inabuka ndewu yoti wawatenga kuti.

Za kulera timazimva tsiku ndi tsiku ndipo ndi zabwino, koma za osabereka kuli zii. Ndikupempha akatswiri athu a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi a unduna wa zaumoyo kuti zomwe amapeza azibwera nazo pa mawailesi a kuno mu Chichewa ndi Chiyao, azifika m'mizikiti ndi m'matchalitchi, ndipo mankhwala a likodzo aja a praziquantel amagawa kusukulu azifikanso kwa amayi ndi asodzi. Inunso akonzi tipatseniko tsamba limodzi adokotala aziyankha mafunso athu.

Mng'ono wanga ali ndi zaka 34 tsopano. Mkazi wachiwiri uja naye chikutha chaka chachiwiri alibe pathupi, koma bambo aja mpaka lero akukana kukayezetsa.

Mayi okhudzidwa,
Mangochi