Zikomo a Biodiversity Heritage Library, nkhani ya Auchmeromyia yatiyendera

Akuluakulu a ku Biodiversity Heritage Library,

Ndati ndikuthokozeni poyera chifukwa ntchito yanu yoika mabuku akalekale a zamoyo pa intaneti, aliyense nkumawerenga ulere, yatipindulira kwambiri ife ophunzitsa bayoloje kuno kumudzi, komwe laibulale ilibe ngakhale buku limodzi la tizilombo touluka.

Nkhani yake ndi ya ntchentche zotchedwa Auchmeromyia, za m'banja la Calliphoridae, lomwe lija la ntchentche zobiriwira zothamangira nyama yowola, kungoti izi ndi zachikasu moderako. Ambiri timadziwa msuweni wake Cordylobia anthropophaga, uja mphutsi zake zimalowa pakhungu mpaka azimayi kumalimbikira kusita matewera, koma Auchmeromyia ndi ochepa anayimvapo. Mphutsi zake sizilowa mthupi ayi, zimabisala mu dothi louma la pansi m'nyumba, usiku nkutuluka kudzayamwa magazi a munthu wogona pa mphasa kenako nkubwerera, ndipo bedi lokwera silikwereka kwa izo. Mitundu ina imakhala ku mauna a njiri.

Pomwe panali chisokonezo ndi maina. Buku lina likuti luteola, lina senegalensis, kwina mukupeza Choeromyia, mwana wasukulu akafunsa kuti kodi aphunzitsi izi ndi ntchentche zingati umafunika umboni osati kungoyankha zammutu. Pa tsamba lanu munthu umatsata wekha, katswiri wina, Macquart, analemba za ntchentche ya m'nyumba ija mu 1851 nkuyiika mu gulu la Ochromyia, mu 1891 Brauer ndi Bergenstamm anakhazikitsa dzina la Auchmeromyia, ndiye Roubaud anabwera ndi Choeromyia mu 1911 potchula za ku mauna zija, zomwe pambuyo pake akatswiri anazibwezera mu Auchmeromyia momwemo. Luteola ndi senegalensis ndi ntchentche imodzi basi.

Ena amati maina achilatini ndi zotayitsa nthawi, ine ndimakana, chifukwa wazaumoyo akasokoneza Auchmeromyia ndi Cordylobia auza anthu kuti azisita zovala pomwe chofunika nkuzira pansi bwino ndi kugona pamwamba.

Pempho langa ndi limodzi, masamba ena amalemera ndiye bandulo imatha usanafike pomwe ukufuna, mutaganizirako ife owerengera pa foni zingatikomere. Mutithokozereko onse amene amakhala tsiku lonse akujambula mabukuwa tsamba ndi tsamba.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa bayoloje, Malawi