Mayi Mary Twala sadali mayi ake a Somizi chabe

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene mudalemba patsamba lanu la zamsangulutso yokhudza Somizi Mhlongo, katswiri wa zovinavina ndi za pawailesi yakanema wa ku South Africa. Nkhaniyo mudailemba bwino ndithu, koma itafika pa makolo ake idangonena kuti mayi ake ankachita zisudzo, kenaka n'kupitirira ndi zina. Chiganizo chimodzi chimenecho chawachepera mayi Mary Twala, amene adagwira ntchito ya zisudzo kwa zaka zoposa 50, ndipo adaiyamba mwana wawoyo asanabadwe. Pempho langa ndi lakuti mundipatseko malo kuti owerenga anzanga awadziwe mayiwa pa ntchito yawo, chifukwa moyo wawo ukuonetsa poyera m'mene timawapeputsira anthu amene amatenga mbali zing'onozing'ono m'masewero.

Mayi Twala adabadwa pa 14 September 1939 ndipo adakulira ku Soweto, mu nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kulowa m'nyumba zikuluzikulu za zisudzo za mumzinda wa Johannesburg monga ankachitira mzungu. Luso lawo lidakhwimira m'gulu la Gibson Kente, mlembi amene anthu a kumeneko amamutcha tate wa zisudzo za m'malokeshoni. Gulu la Kente linkayenda lokeshoni ndi lokeshoni, tauni ndi tauni, kuonetsa masewero m'maholo a matchalitchi ndi a masukulu, ndipo wochita sewero ankayenera kudziwa kuyimba, kuvina, kuseketsa ndi kuliza anthu usiku umodzi womwewo. M'maholo otero munthu ankadalira mawu ake ndi thupi lake kuti wokhala pabenchi yakumbuyo amve ndi kuona zimene wakutsogolo akumva ndi kuona. Kudalinso zoopsa zake, pakuti Kente yemweyo adatsekeredwa m'ndende mu 1976 pamene ankajambula filimu ya limodzi la masewero ake, boma la tsankho litaona kuti nkhaniyo ikutsegula anthu m'maso. Amuna a mayi Twala, Ndaba Mhlongo, adali katswiri wa nthabwala ndi zovinavina, ndipo adasankhidwa pamodzi ndi Mbongeni Ngema kupikisana nawo pa mphotho ya zisudzo ya Tony ku America mu 1988 chifukwa cha magule a sewero la Sarafina! Bambowo adamwalira mu 1989, ndipo mayiwa adapitiriza ntchito kwa zaka zina 30 ali wamasiye.

Wailesi yakanema idafika mochedwa ku South Africa, mu 1976, ndipo mapologalamu a m'zilankhulo za anthu akuda adayamba mu 1982. Kuyambira pamenepo nkhope ya mayi Twala idalowa m'nyumba za anthu. Adaonekanso m'mafilimu monga Mapantsula wa 1988, Sarafina! wa 1992, ndi Beat the Drum wa 2003, m'mene adali agogo a kamnyamata kamasiye kochokera kumudzi ku KwaZulu-Natal kamene kakupita ku Johannesburg Edzi itamaliza abale ake. Amalawi ambiri, kaya okhala ku Joni kaya oonera kanema wa ku South Africa kuno kumudzi, akaiona nkhopeyo aizindikira msanga, ngakhale kuti dzina n'kutheka sangalitchule.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Pa zaka zonsezi mbali zimene ankapatsidwa zidali za agogo, za mayi wa nyumba yoyandikana, za nkhalamba ya pamudzi, za munthu amene amalowa m'nkhani kwa mphindi zochepa n'kutulukamo. Anthu ambiri amaganiza kuti mbali zotere amapatsa amene luso lawachepera, koma ine ndimaona kuti ndi zimene zimafuna luso lalikulu. Mwini nkhani amakhala ndi ola lathunthu kapena awiri oti oonera amuzolowere, amukonde ndi kumukhululukira akapunthwa. Wotenga mbali yaing'ono alibe mwayi umenewo. Iye amayenera kutiuza ndi kayendedwe kokha, ndi m'mene wamangira duku, ndi m'mene wakhalira pampando, kuti munthu ameneyu ndi ndani, wavutika ndi chiyani ndipo akubisa chiyani, zonsezi asanatsegule pakamwa. Akalephera, oonera amasiya kukhulupirira mudzi wonse umene filimuyo ikuonetsa, ndipo mwini nkhani uja amatsala akulankhula yekha. Anthu amayamikira nsima ndi wophika wake, za mafuwa amene adasenza mphika sawerengera. Mayi Twala adali ndi thupi laling'ono, mawu osasa pang'ono ndi maso akuthwa, ndipo ankatha kuseketsa anthu mpaka misozi, kenaka n'kutembenuka pomwepo kukhala mayi wolusa amene sungayerekeze kumuyankha.

Mbali yaikulu imene dziko lonse lidawaonera idabwera ali ndi zaka pafupifupi 80. Lemohang Jeremiah Mosese, wopanga mafilimu wa ku Lesotho, adawapatsa mbali ya Mantoa mu filimu ya This Is Not a Burial, It's a Resurrection, imene idayamba kuonetsedwa ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice ku Italy mu 2019. Mantoa ndi mayi wokalamba amene adaika kale m'manda mwamuna wake ndi ana ake, ndipo pamene akudikira mwana wake wamwamuna womaliza kuti abwere ku Khirisimasi kuchokera kumigodi ya ku South Africa, akulandira uthenga wakuti mwanayo wafera komweko. Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife Amalawi, pakuti mabanja ambiri kuno adatumiza abambo ndi anyamata awo ku Wenela, ndipo ena mwa iwo sadabwerere. Mayiyo akukonzekera imfa yake, kufuna kukagona pambali pa abale ake, koma akumva kuti boma limanga damu ndipo mudzi wonse pamodzi ndi manda udzamira m'madzi. Izi si zongopeka, chifukwa ku Lesotho adamangadi madamu a Katse ndi Mohale otumiza madzi ku chigawo cha Gauteng, ndipo midzi idasamutsidwa.

Chimene chidandigwira mtima mu filimu imeneyi ndi m'mene mayi Twala amasewerera chete. Pali malo pamene Mantoa, atavala zakuda zamaliro, wakhala yekha m'kanyumba kake akumvetsera wailesi ikutchula mayina a anthu amene amwalira, monga m'mene makolo athu ankatcherera khutu ku mauthenga achisoni pa MBC. Sakulira ndipo sakulankhula, koma kamera ikayandikira nkhope yake ya makwinya, nsagwada zolimba ndi maso osaphethira zimakuuza kuti mayiyu watopa ndi kukhala ndi moyo pamene ake onse adapita. Patsogolo pake, akaimirira pamaso pa mfumu ndi anthu a m'mudzi kukana kuti manda asamuke, mawu amatuluka m'kathupi kakang'ono komweko mwamphamvu moti anthu amene adali atagonja kale amayamba kulimba mtima. Munthu sangachite zotere mwangozi. Ndi zipatso za zaka zija za m'maholo a m'malokeshoni, ndi za mbali zing'onozing'ono zambirimbiri zimene adazisewera mosanyozera ngakhale imodzi. Filimuyo idapata mphotho yapadera ku chikondwerero cha mafilimu cha Sundance ku America kumayambiriro kwa 2020, ndipo idakhala yoyamba imene dziko la Lesotho lidatumiza ku mpikisano wa Oscar.

Funso limene limandivuta ndi lakuti, ngati mayiwa adatha kusenza filimu yonse paphewa ali ndi zaka pafupifupi 80, n'chifukwa chiyani olemba ndi opanga mafilimu adadikira nthawi yonseyi? Luso limenelo lidalipo ali ndi zaka 40, lidaliponso ali ndi zaka 60. Chimene chidasowa ndi anthu okhulupirira kuti nkhani ya mayi wachikulire wa kumudzi ingakhale pakati pa filimu, chifukwa mwambo wa ntchito imeneyi umaika patsogolo achinyamata a nkhope zosalala, achikulire n'kuwakankhira kukhitchini ndi kukhonde. Boma la South Africa lidachitako bwino powapatsa ulemu wa Order of Ikhamanga in Silver mu 2019, iwo akadali moyo, ndipo adaulandira kwa Pulezidenti Cyril Ramaphosa. Adamwalira ku Johannesburg pa 4 July 2020 ali ndi zaka 80, nthawi ya mliri wa Covid-19, pamene malamulo sankalola anthu oposa 50 pamaliro, choncho khamu limene likadafuna kuwaperekeza lidangoonera pakanema. Pa 31 July chaka chomwecho padatuluka filimu ya Beyoncé ya Black Is King, m'mene adaonekamonso, koma iwo anali atagona kale.

Sindikulemba izi kuti tingolira za ku South Africa, chifukwa vuto lomweli lilinso pakhomo pathu. Tikamakamba za Wakhumbata Ensemble Theatre timatchula Du Chisiza Jr, ndipo n'zoyenera, koma masewero ake sankachita yekha. M'gulu la Kwathu, mu Tikuferanji, ngakhale m'masewero a pawailesi monga Sewero la Sabata Ino, mwadutsa amayi ambiri amene adakhala apongozi ovuta, anamkungwi, azakhali ndi agogo, ndipo oonera ndi omvera amakumbukira mawu awo mpaka lero koma mayina awo enieni sawadziwa. Ambiri a iwo amagwira ntchitoyi popanda malipiro okwanira ndiponso popanda penshoni, ndipo nyuzi zathu zimawakumbukira tsiku limene amwalira, ndi kankhani ka ndime zitatu kosimba za amene adafika pamaliro.

Choncho ndikukupemphani, akonzi, kuti patsamba lanu la zamsangulutso muzipatula malo, ngakhale kamodzi pamwezi, olemba za anthu otenga mbali zimenezi akadali moyo. Tumizani mtolankhani akacheze nawo kunyumba kwawo, awafunse gulu limene adayambira, amene adawaphunzitsa, masewero amene adachita ndi zaka zake, komanso m'mene amakonzekerera mbali asanakwere pasiteji, ndipo mujambule zithunzi zawo kuti mbiriyo isungike. Mukadzalembanso za Somizi Mhlongo, chonde mudzawatchule mayi ake ndi dzina lawo, Mary Twala, pamodzi ndi ntchito imene adagwira.

Ine wowerenga nyuzi yanu,
Ndirande, Blantyre