Ija Inali 404, Usatsutse

Kasungu

Mnzanga wapamtima,

Chithunzi chija unanditumizira pa WhatsApp ndachiona. Ndinachikulitsa mpaka nkhope zonse zinasanduka phala, koma galimotoyo ndaizindikira. Iwe ukuti inali Peugeot 504. Ayi aise, Joni wakuiwalitsa zakwanu. Ija ya malemu bambo ako inali 404.

Taona nyali zakutsogolo. Ndi zozungulira ngati mbale, imodzi uku ina uku, ndipo thupi lake ndi lowongoka ngati bokosi. Ma 504 amene tinkawaona kuno nyali zake zinali zamakona, zopendekera ngati maso a munthu wokwiya. Ija ya adokotala a ku mishoni ndiyo inali 504. Mwina wasokonezeka chifukwa zonse zinali ndi chizindikiro cha mkango kutsogolo, ndipo ife tonse tinkangoti Pijo. Ya 404 inayamba kupangidwa ku France mu 1960, inzakeyo inabwera mu 1968. Ndiye pamene bambo ako ankaigula kwa mwini esiteti uja wa ku Mtunthama, inali itadya kale mitunda yosawerengeka.

Wakumbukira giya yake? Sinali pansi ayi, inali pambali pa chiwongolero. N'chifukwa chake kutsogolo tinkakwanako anthu atatu, ine pakati, mawondo atagunda chibwano. Kumbuyo mayi ako, alongo ako, thumba la mtedza ndi nkhuku zomanga miyendo. Bambo ako akamalowetsa giya ankachita ngati akuvundula thobwa, kwinaku akuimba nyimbo ya kwaya.

Anthu masiku ano amakonda kunena kuti galimoto zakale sizinkawonongeka. Limenelo ndi bodza, ndipo iwe ndi ine ndife mboni. Inkawonongeka, kungoti inkachira msanga. Tsiku lija tikupita ku Kanengo kukaona fodya wa bambo ako pa okushoni, sinatithimire titangowoloka Bua? Mkulu uja sanadandaule n'komwe. Anavula jekete, anatsegula boneti, anamasula paipi ya petulo n'kuipemerera ndi pakamwa, kenako anapala mapointi, tizitsulo tothandiza kuyatsa moto mu injini, ndi kachidutswa ka sandipepa kamene kankakhala m'chikwama mwawo limodzi ndi laisensi. Ife ntchito yathu inali kukankha. Tinafika mabelo atagulitsidwa kale, koma tinafika. Zida zake zonse zinali sipanala zitatu, pulayazi, waya ndi mphira wa chubu.

Pa msewu wafumbi ndiye inalibe inzake. Njira ya ku Chamama nthawi ya dzinja, matope mpaka m'maondo, iyo inkangoyenda mogwedeza chiuno ngati ng'ombe yokhuta. Ndinadzamva nditakula kuti 404 inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, kenako zaka zitatu zotsatizana kuyambira 1966 mpaka 1968, ndipo ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991, ku France atasiya kalekale. Sindinadabwe.

Ya kwathu inali Datsun 120Y, yachikasu ija. Petulo inkangonunkhiza, injini yosatopa, koma dzimbiri linaidya pansi moti mseu tinkauona ukuthamanga pakati pa mapazi athu. Atate anaikapo chitsulo cha mgolo. Imeneyo tisaikambe kwambiri, inandichititsa manyazi pamaso pa amene pano ndi mayi a ana anga.

Pano ndili ndi kagalimoto kochokera ku Japan kodzera pa Dar es Salaam. N'kabwino, sindikunyoza. Koma mwezi watha kanayatsa kanyali kachikasu n'kukana kulira, makaniko atatu anakazungulira osakakhudza, mpaka tinadikira mnyamata wa kompyuta kuchokera ku Lilongwe masiku awiri. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumaganiza za sandipepa uja.

Tsono nkhani imene ndakulembera ndi iyi. Sabata yatha ndinadutsa kumudzi kwanu. Pijo ija ikadalipo kuseri kwa chigafa, yakhala pa njerwa, matayala kulibe, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Magalasi awiri ndi amoyo, ndipo mkango uja ukadali pamalo pake. Ogula zitsulo zakale afikako kawiri, ndipo mng'ono wako wayamba kufewa mtima. Ndamuuza kuti adikire kaye mawu ako. Muimbire foni sabata ino. Ngati mugwirizane zogulitsa, ine ndikupempha kamkango kokhako.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa pampando wapakati uja.