Filimu ya McQueen yathamangira misozi, yasiya sizasi

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyankhulepo za filimu ija yofotokoza moyo wa Alexander McQueen, wokonza fashoni wa ku Britain, yomwe inatuluka mu 2018 ndipo anaikonza ndi Ian Bonhôte ndi Peter Ettedgui. Aliyense amene waionera akungokamba za imfa yake basi, eti munthu wandalama chonchija, wotchuka dziko lonse, kudzipha bwanji ali ndi zaka 40 zokha. Zomvetsa chisoni inde, sindikukana. Koma ine dandaulo langa ndi lina, filimuyi ndi yabwino zedi koma yathamangira misozi n'kudutsa mwaliwiro pomwe panali nkhani yeniyeni, pomwe munthuyu anaphunzirira kugwira sizasi.

Chifukwatu McQueen asanakhale dzina lolembedwa pa mashopu odula, ankadziwika ndi dzina lake loyamba loti Lee, mwana womaliza pa ana 6, wobadwa mu 1969, bambo ake woyendetsa takisi, mayi ake mphunzitsi, wokulira kum'mawa kwa London komwe sikuchokera anthu a mafashoni. Sukulu anasiya ali ndi zaka 16 n'kukalowa ntchito yophunzira utelala ku Anderson & Sheppard pa msewu wa matelala wa Savile Row ku London, komwe amasokera masuti a mafumu ndi mabwana, kenako anapita ku Gieves & Hawkes pa msewu womwewo. Kumeneko munthu sungofika lero n'kupatsidwa nsalu yodula kuti udule ayi, umayamba ndi zing'onozing'ono, kusoka pamanja, kusita, kumasula zomwe wasoka molakwika n'kuyambiranso, mpaka jekete izikhala paphewa pa munthu ngati anabadwa nayo. Atachoka apo anakasoka zovala za anthu a zisudzo, anagwirako kwa wokonza fashoni Koji Tatsuno, kenako ananyamuka ulendo wa ku Milan osadziwa n'Chitaliyana chomwe, wokonza fashoni wina, Romeo Gigli, n'kumulemba ntchito. Zaka zonsezi filimu yazipanikiza m'timaminitsi tochepa toyambirira, ngati ndi malonje chabe tisanafike pa nkhani.

Komatu nkhani ndi imeneyo. Atapita ku koleji ya zaluso ya Central Saint Martins ku London sanapite ngati mwana wasukulu, ankafuna ntchito yophunzitsa ena kudula mapatani, ndiye mayi Bobby Hillson amene ankayendetsa kosi ya masitala ataona zojambula zake anamuuza kuti alowe kalasi ngati wophunzira, fizi anamuthandiza ndi azakhali ake. Tangoganizani, mnyamata wopanda digiri yoyamba kulowa masitala chifukwa manja ake anali atamaliza kale sukulu. Zovala zomwe anamalizira nazo kosi mu 1992 anazigula zonse Isabella Blow, mayi wa m'magazini a fashoni, ndipo ankalipira pang'onopang'ono. Apa filimu imaima nthawi yaitali, ubwenzi wa awiriwa, kukondana kwawo, kukhumudwitsana kwawo McQueen atapeza ntchito yaikulu ku Paris osamupatsa mayiyo malo. Chabwino, ndi nkhani yogwira mtima. Koma kodi Blow anaona chiyani pa zovalazo chomwe ena sanaone? Anaona kadulidwe. Ndiye bwanji osatiyandikizira kamera pa msoko tione nafenso?

Anthu amakonda kunena kuti anali ndi mphatso, anabadwa nazo, ine mawu amenewa amandinyansa pang'ono chifukwa amafufuta thukuta. Thalauza lake lotchuka lija la bumster, lotsika m'chiuno mpaka kuonetsa pomwe msana wathera, ambiri ankaliona ngati chipongwe cha mnyamata wofuna kutchuka, koma kuti thalauza litsike choncho osagwa, ndipo msana uzioneka wautali monga iye ankafunira, pamafunika munthu wodziwa bwino lomwe pomwe nsalu imagwira thupi. Wosaphunzira malamulo a utelala sangawaphwanye mwaluso chonchija, amangoononga nsalu.

Mbali ya umphawi wake aionetsa bwino, apa ndiwayamikire. Ankagula nsalu ndi ndalama zomwe boma la Britain limapereka kwa anthu osowa ntchito, mpaka ankabisa nkhope akamajambulidwa kuopa kuti a ofesi yopereka ndalamazo amuzindikira, zovala zina ankapanga ndi mapulasitiki ndi zotolatola, anzake akugwira ntchito ulere. Pali mavidiyo akale ojambula okha kunyumba, iye akuseka, akusewera ndi agalu ake, wonenepa bwino, wamwano koma wosangalala. Ukamaona zimenezo n'kuyerekeza ndi nkhope yake ya zaka zomaliza, yowonda, yotopa, sufunanso wina akufotokozere kuti zinthu zinasintha.

Chionetsero cha Highland Rape cha mu 1995 chinabweretsa phokoso, mamodelo akuyenda ndi zovala zong'ambika, manyuzipepala n'kumunena kuti amadana ndi akazi, iye n'kuyankha kuti amanena za nkhanza zomwe England inachitira Scotland, kwawo kwa makolo a bambo ake. Filimu yalumikiza izi ndi nkhanza zomwe anaona ali mwana, mlongo wake Janet akuzunzidwa ndi mwamuna wake woyamba, ndipo Janet yemweyo akuyankhula mufilimumo mosabisa. Ndikumvetsa chifukwa chake anatero. Chomwe chikundivuta n'choti kuyambira pamenepo diresi lililonse likusanduka umboni wa bala la mumtima, nyimbo za Michael Nyman zikulira kumbuyo kukuuza kuti apa uyambe kumva chisoni, ndipo woonera amaiwala kuti ngakhale chovala chong'ambikacho pali munthu anakhala pansi n'kusankha pong'amba kuti chisagwe pathupi modelo akuyenda.

Mu 1996 anamutenga kukakhala mkulu wokonza zovala ku Givenchy ku Paris kulowa m'malo mwa John Galliano, ali ndi zaka 27. Chifalansa sankachidziwa, atolankhani a kumeneko sanamukonde, chionetsero chake choyamba cha mu 1997 anthu anachinyoza ndipo iye mwini anavomera kuti sichinali bwino. Koma m'zipinda zosokera za kampaniyo munali amisiri oti agwira singano moyo wawo wonse, ndipo kwa iwowa ndi komwe anaphunzira kufewetsa dzanja, kusakaniza kudula kolimba kwa Savile Row ndi kusoka kofewa kwa madiresi a ku Paris. Amisiri amenewa ndi amene ine ndinkadikira kuti apatsidwe mpando ayankhule mokwanira. M'malo mwake tikumva kwambiri za kutopa, mankhwala ozunguza bongo, kuthamanga pakati pa London ndi Paris akukonza zovala za makampani awiri nthawi imodzi. Zoona zimenezo, ndipo zikuonetsa mmene bizinesi ya fashoni imafinyira munthu, makamaka kampani ya fashoni ya Gucci itagula magawo 51 pa 100 a kampani yake mu 2000, anthu ambirimbiri malipiro awo akudalira mutu wa munthu mmodzi yemwe sakanathanso kunena kuti ndapuma kaye.

Pomwe ndinakhutira ndi pa chionetsero chotchedwa No. 13, modelo Shalom Harlow ataima pa thabwa lozungulira atavala diresi loyera, maloboti awiri a mtundu wopentera magalimoto akumupopera penti yakuda ndi yachikasu. Apo palibe wofunika kulira kuti umve kanthu, ntchito ikudziyankhulira yokha. Pa chionetsero chomwecho Aimee Mullins, wothamanga amene anadulidwa miyendo yonse ali khanda, anayenda ndi miyendo yosema ya mtengo yokongoletsedwa mpaka ena ankayesa ndi majombo. Anasema ndani, anayeza bwanji kuti ayende nayo osagwa, mafunso ngati amenewa ndi omwe filimu ya mmisiri imayenera kuyankha.

Mapeto ake tonse tikuwadziwa. Isabella Blow anadzipha mu 2007, mayi ake a McQueen, a Joyce, anamwalira kumayambiriro kwa February 2010, iye n'kudzipha pa 11 February maliro a mayi akewo asanaikidwe. Opanga filimu sakanazemba zimenezi ndipo azigwira mwaulemu, sanapange chionetsero pa mtembo. Koma Sarah Burton, amene anagwira naye ntchito zaka zoposa 10, n'kutenga udindo wake, n'kudzasoka diresi laukwati la Kate Middleton, mkazi wa Prince William, mu 2011, sakhala pansi kuyankhula mufilimuyi, pomwe iyeyo ndi amene akanatiuza bwino mmene bwana wake ankadulira nsalu ili pathupi pa munthu.

Ndiye pempho langa kwa inu akonzi, mukamalemba za filimuyi patsamba lanu la zaluso, musangokopera mutu wa imfa womwe aliyense akulemba. Tumani mtolankhani akaionere limodzi ndi telala wodziwa ntchito yake, aziimitsa pomwe pakuoneka jekete, telalayo afotokoze chomwe chikuchitika paphewa ndi m'chiuno, zimenezo ndiye mutilembere.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzi yanu